Tsiku Lomwe Nkhosa Zanga Zinayenda Pakhoma la Tchalitchi

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anamwalira chifukwa cha zimenezi, ndipo amayi anga anayambiranso kundiyankhula pasanathe masiku asanu. Ndanena izi poyambirira chifukwa ine ndikamawerenga nkhani za anthu ena mtima umakhala m'mwamba mpaka kumapeto, ndiye sindikufuna kuti inunso muvutike choncho. Koma kupatula ziwirizi, zinthu sizinayende bwino ayi.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinabwera kuno ku London ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, kutsatira amayi omwe amagwira ntchito kunyumba ina yosamalira okalamba, ndipo timakhala awiriwiri m'kafulati ku Lewisham. Ndine munthu wamanyazi. (Si manyazi okongola aja a atsikana a m'kwaya. Anga ndi oti ndikadina belu la m'basi ilo osalira, ndimalolera kukatsikira kutsogolo n'kubwerera wapansi kusiyana ndi kuyankhula ndi dalaivala.) Zonse zomwe pakamwa palephera ndimazilemba m'dayale yanga, m'Chichewa, poti kusukulu palibe angaiwerenge ngakhale atatola.

Zinayamba mu Sepitembala. Aphunzitsi athu a zojambula, mayi wachizungu wovala ndolo zofika m'mapewa, anazimitsa magetsi m'kalasi n'kuyamba kutionetsa zithunzi za m'kati mwa matchalitchi akalekale a mumzinda wa Ravenna ku Italy, omangidwa zaka zoposa chikwi ndi mazana anayi zapitazo. Anzanga anapezerapo mwayi wa mdima n'kuyamba kusewera ndi mafoni pansi pa madesiki. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Makoma onse mpaka kudenga anali ndi zithunzi, koma zosajambula ndi penti. Anazipanga ndi timiyala ndi timagalasi tating'ono ngati chikhadabo, akumata kamodzikamodzi pakhoma lisanaume. Luso limeneli amalitcha mozayiki. Munali anthu oyera mtima a maso akuluakulu oyang'ana iwe wekha, nkhosa zoyera zitandandalika pa udzu wobiriwira, kumbuyo kwake golide yekhayekha. Aphunzitsi anati amisiriwo ankapendeketsa dala kagalasi kalikonse pang'ono, kena uku kena uko, kuti nyali ndi makandulo zikayaka khoma lizioneka ngati likupuma. Mawu amenewo ndinawalemba m'dayale kawiri.

Kenako anatipatsa ntchito: aliyense apange mozayiki yake pa thabwa. Sukulu inatipatsa guluu ndi timapepala tamitundumitundu todulidwa kale. Ndinayesa madzulo amodzi, koma pepala ndi pepala basi, silipendekeka, silinyezimira. M'busa wanga ankaoneka ngati chikwangwani cha pagolosale.

Tsopano inu amene muli ndi abale kunja mukudziwa kuti munthu sapita kumudzi yekha, ndipo sabwerako yekha. Amayi anali atangobwera kumene kuchokera ku Malawi, ndipo sutikesi imodzi yathunthu inali ya katundu wa eni. Aliyense wa ku feloshipi kwathu anali ndi kaphukusi kake kochokera kwa achibale, kokulunga m'majumbo atatu, kozengedwa ndi selotepu ngati mwendo wothyoka, dzina litalembedwa pamwamba. Eni ake amabwera kudzatenga mashifiti akawalola, ndiye maphukusi ena amagona kunsi kwa bedi la amayi mwezi wathunthu. Ntchito imeneyi ilibe malipiro. Malipiro ake ndi akuti anthu azinena kuti, "Katundu mukapatsira aNaphiri amafika." Amayi anga ndiwo aNaphiri, ndipo mawu amenewa ankawanyadira kuposa satifiketi ili pakhoma.

Loweruka lina ndikusesa kuchipinda kwawo ndinapeza kuti jumbo imodzi yabooka, ndipo mphodza zamwazika pa kapeti. Dzuwa linali kulowa pawindo. Mphodza zija zinali zobiriwira, zonyezimira, iliyonse yapendekera kwake. Ndinagwada pomwepo ndi tsache m'manja. Udzu wa ku Ravenna uja unali pa kapeti ya amayi.

Tsiku limenelo ndinangotola zomwe zinatayika. (Ndikufuna muzikumbukira zimenezi pondiweruza. Zotayika ndi za wosesa.) Koma udzu wokha si chithunzi. Nkhosa zinkafuna choyera, ndipo m'sutikesi munali mpunga wa Kilombero wa amayi busa. Mkanjo wa M'busa Wabwino unkafuna chofiira, ndipo munali nyemba za ku Phalombe. Nkhope inafuna khobwe. Golide ndiye anandisowetsa mtendere masiku awiri, mpaka ndinapeza nandolo wosenda wachikasu, yemwe ukamupaka vanishi amawala kuposa ndolo za aphunzitsi. Ndinkatsegula phukusi ndi lezala, kutapa ndi supuni ya tiyi, n'kumatanso selotepu mwaukhondo kuposa mmene analili. Chilichonse ndinkachilemba m'dayale, dzina la mwini wake ndi masupuni ake, pansi pa mutu woti "Zobwereka". Sindinalembe kuti ndidzabweza bwanji nyemba zomatidwa ndi guluu.

Chinatsala ndi chakuda. Mukayang'anitsitsa zithunzi zakale zija muona kuti chilichonse anachizunguliza mzere wakuda: nkhosa, manja, mapindiro a mkanjo. Popanda mzerewo nkhosa zanga zinkaoneka ngati phala lotayikira pa udzu. Pansi penipeni pa sutikesi panali kaphukusi kosiyana ndi ena onse, kansalu, kosokedwa ndi ulusi pamanja. Analembapo ndi bolopeni kuti "Nambewe, Thamesmead". Ndinasomola ulusi pang'ono. Munali nzama zakuda bii, zosankhidwa, popanda ngakhale imodzi yamawanga.

Ndinatapa masupuni awiri a tsitsi ndi maso. Mawa lake ena atatu a mizere ya nkhosa. Nkhosa zinali zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse ili ndi miyendo inayi. Pomwe ndinkasoka kaphukusiko komaliza, kanali katafota ngati tsaya la nkhalamba.

Ntchito yonse ndinkagwirira kusukulu nthawi ya nkhomaliro. Nyemba ndinkanyamulira m'bokosi la chakudya, n'kumazimata imodziimodzi ndi kachitsulo kozulira nsidze. Aphunzitsi ankangozungulira pa tebulo langa manja ali pachifuwa.

"Kodi kwanu ku Afirika matchalitchi mumawakongoletsa chonchi?" anandifunsa tsiku lina, m'Chingerezi chawo chonong'ona ngati ali pamaliro.

Tchalitchi cha kwathu ku Ntcheu chili ndi khoma la laimu, kalendala ya kampani ya feteleza, ndi wotchi yomwe inaima ine ndisanabadwe. Koma kuti ndifotokoze zonsezi pankafunika mawu ambiri, pomwe kugwedeza mutu sikufuna ngakhale limodzi. Ndinagwedeza. Anapita kukalemba kachikwangwani koti ntchitoyi ikuonetsa mwambo wakale wa makolo a ku Malawi, n'kuika thabwa langa pawindo, pamwamba pa hita, kuti liume bwino.

Kunyumba ndiye kunayamba kununkha utsi. Anti Nambewe, namwino wa pachipatala china, wamtali, woyankhula mosapsatira, anabwera kudzatenga kaphukusi kawo. Anakalandira ndi manja awiri, kenako anakaika m'dzanja limodzi n'kukakweza kawiri ngati akuyesa kulemera kwa khanda. Tiyi anamwa theka.

Madzulo ake foni inalira, ndipo fulati yathu ndi yaing'ono moti ukakhala kukhitchini umamva mbali zonse ziwiri.

"aNaphiri, achimwene akuti kansalu kaja kanachoka kumudzi kali kodzadza moti singano inkavuta kulowa."

"Ine ndinangolandira mmene kanalili, aNambewe. Sindinakatsegule."

"Sindikuti munatsegula. Ndikungoti nzama sizituluka thukuta m'ndege."

Apa ndi pomwe ndinamva zomwe sindinkadziwa. Amayi awo a Anti anamwalira patangopita masabata awiri amayi anga atanyamuka kumudzi, ndipo Anti sanathe kupita kumaliro. Nzama zija zinali za m'munda wawo womaliza. Anti ankafuna kuzidzala m'kadimba kawo ku Thamesmead. (Tonse tikudziwa kuti nzama sizingabereke m'kuzizira kwa kuno, koma si nkhani yoti ungamuuze munthu woferedwa.) Ndinaima pasinki ndi mbale m'manja mpaka madzi anazizira.

Ndikanangolowa pabalaza nthawi yomweyo, nkhani ikanathera pa khofi limodzi. M'malo mwake ndinapita kukalemba m'dayale masamba atatu, ndipo ndinalira mokwanira ndithu, mwakuti pomaliza ndinkamva ngati ndaulula kale.

Mphekesera za ku feloshipi zimakula msanga kuposa bonongwe. Lamulungu loyamba zinali nzama zokha. Lamulungu lachiwiri panaonjezeka usipa. Pofika Lamulungu lachitatu zinali zitamveka kuti pasowanso zitenje ziwiri, ndipo wina anali ndi mnzake amene anaona amayi akutuluka m'golosale ina ya zakudya za kwathu ku Tottenham atanyamula chikwama chopanda kanthu. Amayi sanapiteko ku Tottenham chaka chonsecho. Azimayi omwe ankawakumbatira anayamba kupereka moni wa nsonga za zala. Kenako a komiti anawapempha mwaulemu kwambiri kuti apumeko kaye pa udindo wosunga shuga ndi masamba a tiyi, poti akuoneka otopa ndi mashifiti.

Amayi sanakangane ndi aliyense. Anangotulutsa sutikesi ija, kuigwedeza, kupisa dzanja m'nsalu ya m'kati, kufunafuna pomwe pangakhale pobooka. Anaganizira a pabwalo la ndege. Anaganizira mbewa. Mnzawo wina pafoni anawafunsa ngati m'nyumba mulibe wina amene akanagwira, ndipo ndinawamva akuseka.

"Uyu? Uyu ngakhale shuga wa m'nyumba mwake momwe amayamba wapempha."

Ndinayesa katatu. Koyamba ndinafika mpaka pa "Amayi," iwo n'kuti "Ee?", ine n'kufunsa ngati akufuna tiyi. Kachiwiri ndinalemba kalata n'kuiika m'thumba la yunifolomu yawo, koma m'mawa ndinaitulutsa chifukwa ndinaona kuti mawu ena sindinawasanje bwino. Kachitatu ndinawapeza atakhala pa sofa nsapato za kuntchito zili kuphazi, akuyang'ana wayilesi ya kanema yosayatsa, ndipo ndinangowavula nsapatozo. Anandisisita kumutu n'kunena kuti, "Bola ndili ndi iwe." Ndikukuuzani, kukwapulidwa n'kwabwino.

Mkati mwa zonsezi chithunzi chinatha. Aphunzitsi analengeza kuti ntchito zitatu zopambana azikapachika m'tchalitchi china chapafupi, komwe iwo amapemphera, pa chikondwerero chawo cha zokolola. Yanga inali yoyamba. Sindinafunse kuti tchalitchi chake chiti. Ku London kuno matchalitchi ndi ambiri ngati mabasi.

Feloshipi yathu ilibe nyumba yakeyake. Timabwereka tchalitchi chakale chamiyala, ndipo timalowa 2 koloko masana eni ake akatuluka. Woyang'anira pamalopo, bambo wachikulire wachifundo, amatsegula mahita mpaka kumapeto tisanafike, poti anaona kuti timapemphera titavala majekete. Lamulungu limenelo amayi analowa patsogolo, maso ali pansi monga ankachitira masabata amenewo, ine pambuyo. Kenako ndinadzutsa mutu. Kutsogolo, pambali pa gome, pamwamba pa tebulo la maungu, mabuledi ndi zakudya za m'zitini zomwe azungu anasonkha, ndiponso pamwamba penipeni pa hita, panali M'busa wanga.

Ndinene zoona ngakhale zili zochititsa manyazi: chinthu choyamba chomwe ndinamva sichinali mantha. Chinali chokongola. Kuwala kwa pawindo kunkagwera pa nandolo uja, ndipo ukakhala patali sunkaona nyemba ngakhale imodzi. Unkaona munthu wa maso akuluakulu ofatsa ataima m'golide, dzanja lili pamutu pa nkhosa. Mantha anabwera pambuyo pake, ndipo anabwera ndi abale awo onse.

aPasitala athu, omwe amachokera ku Tottenham ndipo amafika atatopa kale ndi sitima, anayamba ndi kutichenjeza. "Abale, zithunzi zomwe eni nyumba apachikazi tisazilabadire. Ife sitipembedza mafano." Mtima unakhala pansi pang'ono. Kenako analengeza mutu wa uthenga, wakuti wokhulupirika pa zazing'ono ndiye wokhulupirika pa zazikulu, ndipo makosi a anthu anayamba kutembenukira pa benchi lathu mmodzimmodzi ngati mpendadzuwa. Amayi anangoyang'ana Baibulo lawo. Tsamba sanatembenuze.

Uthenga uli pakati, mayi wina wa ku Zambia yemwe amakhala kutsogolo anakweza dzanja.

"Apasita, pepani kukudulani. Zija nkhosa ziyenda."

"Mwati chiyani, mlongo?"

"Nkhosa pa chithunzi. Nayangana kudala. Ziyenda-yenda."

Tonse tinayang'ana. Zinalidi choncho. Misana ya nkhosa inkachita ngati ikunjenjemera, ubweya ukusuntha pang'onopang'ono, ndipo ya kumapeto inkaoneka ngati ikuphethira diso. Anthu anayamba kudzuka m'mabenchi. Wina anayambitsa kolasi. Mafoni a kamera anatuluka m'zikwama. aPasitala anatsika pagome, n'kuima patali pang'ono manja ali kumbuyo.

"Abale, tisafulumire kuweruza," anatero. "Ndinanena za mafano, inde. Koma Ambuye amayankhula m'njira zambiri, ndipo mwina aona kuti mpingo uno wakhala m'nyumba yobwereka nthawi yaitali."

"Ameni," anayankha a komiti. Wina anali atayamba kale kufunsa ngati tingaitane abale a ku Luton sabata yamawa.

Ine ndinali nditamira pa benchi mpaka m'makutu. Amisiri a ku Ravenna ankafuna khoma looneka ngati lamoyo. Langa linali lamoyo ndithu, ndipo ndinali nditayamba kuganizira chifukwa chake.

Anti Nambewe sanaimbe nawo. Anatsegula chikwama, kuvala magalasi, n'kudutsa pakati pa anthu monga amadutsira m'wodi. Anafika pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda thabwa. Anatola kanthu pamsana pa nkhosa n'kukaphwanya ndi zikhadabo.

"Anankafumbwe awa."

Kolasi inafera m'khosi.

"Ndipo si a kuno ayi," anapitiriza. "Mpunga wa m'mashopu a kuno ngakhale nankafumbwe amaukana." Ananunkhiza. "Kilombero uyu."

Kenako chala chawo chinakwera pa mkanjo, kudutsa pankhope, n'kukaima pa tsitsi la M'busa. Chinakhala pamenepo nthawi yaitali. Atachichotsa anawerama n'kuwerenga kachikwangwani, komwe kanali ndi mwambo wa makolo uja ndi dzina langa lonse, la bambo anga lomwe.

"aNaphiri," anaitana osatembenuka. "Tabwerani mudzaone luso la mwana wanu."

Amayi anapita. Anthu anawapatukira. Anayang'ana chithunzicho kuyambira pa udzu mpaka pa golide, ndipo ndinaona msana wawo ukuzindikira phukusi lililonse. Anatembenuka n'kundipeza ndi maso pomwe ndinabisala. Sanandiyang'ane mokwiya. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira nkhalamba zawo zikadzithira tiyi. Kenako anatembenukira kwa Anti.

"Ndinamupatsa ndine," anatero. "Mwana sadziwa kanthu. Mundikhululukire."

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangozindikira kuti ndaima, ndipo pakamwa panga pakuyenda.

"Mwanayo akuti chiyani?" anafunsa aPasitala. "Sitikumva. Mupatseni maiki."

Taganizani. Munthu amene ndinalephera kuuza mayi anga m'khitchini ya awiri, ndinapatsidwa maiki m'nyumba yamiyala yomwe mawu amabwerera kawiri. "Amayi akunama," ndinatero, ndipo makoma anabwereza kuti akunama, akunama. Azimayi ena anagwira pakamwa. "Ndikutanthauza kuti sanandipatse. Sankadziwa. Ndinkatenga ndekha kunsi kwa bedi."

Pakanakhala munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine ndikachita mantha ndimafuna kuti zinthu zikhale zolongosoka. Ndinatulutsa dayale m'chikwama, kutsegula pa "Zobwereka", n'kuyamba kuwerenga.

"Mphodza za amake Tadala, zotayika zokha, kenako masupuni anayi. Nyemba zofiira za a tcheya, masupuni asanu ndi limodzi. Mpunga wa amayi busa..."

"Wanganso?" anatero amayi busa. "Ine ndimayesa apongozi ayamba kuumira."

Ndinawerenga mayina asanu ndi atatu. Asanu ndi awiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti anaberedwa, ndipo ndinaona nkhope zawo zikusintha pomwe ankazindikira kuti akhala akunena amayi anga pa mlandu wa eni pomwe anali ndi wawowawo. Nditafika pa nzama ndinangotchula dzina la Anti. Kenako, poti ndinkafuna kuti zonse zikhale m'malo mwake, ndinaonjezera:

"Koma za usipa ndi zitenje ziwiri sindikuzidziwa. Mukhoza kuyang'ana, m'chithunzimo mulibe."

Bambo wina kumbuyo anaphulika ndi phwete n'kunamizira chifuwa. Azimayi angapo anapeza mwadzidzidzi zofuna kufufuza m'zikwama zawo. aPasitala ananditenga maiki mofatsa ngati akulanda mpeni kwa khanda, n'kunena kuti uthenga wa lero wadzilalikira wokha, tiimbe nyimbo yotsekera. Za abale a ku Luton sizinamvekenso.

Anthu atapita kukamwa tiyi kuholo, ndinapita pomwe panaima Anti n'kugwada. Miyala ya pansi inali yozizira. Ndinati pepani, ndipo ulendo uno panalibe maiki, moti sindikudziwa ngati anamva. Iwo ankayang'anabe chithunzi.

"Amayi anga maso anali atafooka," anatero. "Koma ankakhala ndi lichero pakhonde kusankha zakuda zokhazokha, poti ndili mwana ndinkakana zamawanga. Mwana wopusa ngati iweyo." Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Kenako anatembenukira kwa amayi. "aNaphiri, pakamwa panga panathamanga."

"Panathamangadi," anatero amayi. "Mpaka ku Tottenham."

"Za ku Tottenham si ine."

"Nanga zitenje?"

"Chimodzi chokha. Chinacho anaonjezera ena."

Sanakumbatirane. Koma Anti anakatenga makiyi a kabati ya shuga kwa a komiti n'kudzawaika okha m'dzanja la amayi.

Ine chilango changa chinayamba pomwepo. Tinatsitsa thabwa, ndipo ndinakhala m'kachipinda ka kumbuyo ndi supuni ya tiyi, kugwepula nzama imodziimodzi n'kumaziponya m'kapu. Zina zinkatuluka ndi guluu, zina zinkasweka. Nkhosa zinataya mizere yake n'kubwerera kukhala phala. M'busa anachita dazi. Nditafika pa maso, Anti, omwe anali ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi, anati, "Amenewo asiye. Wadazi angawete, koma wakhungu ayi." Woyang'anira tchalitchi anabwera ndi jumbo yaikulu yakuda, n'kutipempha mwaulemu kuti ntchito ya manja athu tiichotse msanga, poti alendo ena anali atatsikira kale m'mabuledi.

M'basi amayi anakhala kuwindo, ine pambali, jumbo ili pamiyendo.

"Masabata atatu," anatero amayi titadutsa masiteji atatu, akuyang'ana kunja. "Masabata atatu ndakhala wakuba, iwe ukudya nane patebulo limodzi, n'kumandifunsa ngati ndikufuna tiyi."

"Pepani, amayi."

"Nyemba si nkhani. Ukanandipempha ndikanakugulira thumba. Koma unkandiona ndikulowa m'tchalitchi muja." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Kuyambira Lamulungu likubwerali uzilowa patsogolo ndiwe. Ine ndizibwera pambuyo."

Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza kwa ine mpaka Lachinayi.

Lolemba ndinabweza thabwa kusukulu nditalipopera mankhwala ophera tizilombo. Ndinali nditakonzeka kufotokoza zonse, ndipo ndinali nditayeserera m'basi. Aphunzitsi anatsegula jumbo, anaona M'busa wadazi, nkhosa zosungunuka, mabowo a anankafumbwe paliponse, ndipo maso awo analengeza misozi. Anati sanaonepo mwana wa msinkhu wanga akufotokoza za njala ndi kutha kwa zinthu mu Afirika mozama chonchi. Anandifunsa ngati ndinachita dala kuti chithunzicho chizidyeka pang'onopang'ono.

Ndinagwedeza mutu. Ndinapeza malikisi apamwamba m'kalasi monse.

Lamulungu lililonse tsopano ndimalowa patsogolo. Kuchokera pakhomo kufika pa benchi lathu si patali, koma ndimamva ngati ndikuyenda wapansi kupita ku Thamesmead. Anti Nambewe akandiona amakweza mawu kuti, "Bisani ndiwo, mmisiri wafika," ndipo anthu amaseka, amayi nawonso amaseka kumbuyo kwanga, mutu uli m'mwamba. Ndimapirira. Ndinaphunzira kuti kuuza dayale si kuuza munthu, ndipo phunziro limeneli ndinalilemba bwinobwino m'dayale.

Temu ino tayamba kuphunzira za magalasi amitundumitundu a m'mawindo a matchalitchi. Nditawauza amayi, poti masiku ano ndimayesetsa kunena zinthu msanga, anamaliza tiyi wawo, anatsegula kabati, anatulutsa matambula a alendo onse asanu ndi limodzi, obiriwira ndi ofiira omwe, n'kukawatsekera kuchipinda kwawo.